Graph inkaonetsa bata pomwe kebulo inali m'madzi

Ndimasamalira makompyuta ndi netiweki pa bungwe lina kuno ku Zomba. Sindilitchula dzina chifukwa kulakwa kumene ndikufotokoza pano ndi kwanga. Tili ndi nyumba zitatu: ofesi yaikulu kumene kuli seva, nyumba ya a zachuma kumunsi, ndi laibulale chapambali. Malo athu ndi otsetsereka, monga alili malo ambiri m'munsi mwa phiri lino, ndipo mvula ikagwa madzi ochokera kumtunda amadutsa pakati pa ofesi yaikulu ndi nyumba ya a zachuma. Kebulo yolumikiza nyumba ziwirizi, yotalika mamita pafupifupi 80, inakwiriridwa pansi m'paipi ine ndisanayambe ntchito pamalopo.

Mu Novembala, mvula isanalimbe, ndinatenga kompyuta yakale imene inkangokhala m'sitolo n'kuikamo Cacti. Kwa amene sanaigwiritsepo ntchito, Cacti ndi pulogalamu yaulere imene imafunsa ma switch (timabokosi tolumikiza makompyuta pa netiweki) ndi zipangizo zina kudzera pa SNMP (njira yofunsira manambala ku zipangizo za netiweki) mphindi 5 zilizonse, n'kusunga mayankho m'mafayilo a RRDtool (pulogalamu yosunga manambala motsata nthawi), ndipo kuchokera m'mafayilomo imajambula ma graph. Ma graph a traffic (kuchuluka kwa data yodutsa pa netiweki) anatuluka bwino tsiku lomwelo. Unkachita kuona anthu akufika 7:30 m'mawa, mzere ukukwera, kenako ukutsika nthawi ya nkhomaliro. Ndinasangalala kwambiri. Ndinaonjezerapo zina ziwiri: chiwerengero cha ma error (data yofika itawonongeka) pa ma port (mabowo olowetsamo kebulo pa switch) olumikiza nyumba zathu, chija amachitcha ifInErrors, ndi chiwerengero cha mapepala a pulinta yaikulu, chifukwa abwana ankadandaula kuti mapepala ndi tona zikutha msanga. Ziwirizi ndinazipangira template (chikombole cha makonzedwe ake) yangayanga. Pamene Cacti inafunsa mtundu wa data source (kasungidwe ka manambala) ndinasankha COUNTER, poti ndi zimene ndinaona pa traffic, ndipo malo olembapo malire a pamwamba ndinawasiya opanda malire.

Patapita masiku anayi ndinatsegula graph ya ma error a ku zachuma. Mzere unali utagona pansi, kupatula timinga tochepa apo ndi apo. M'munsi mwake munalembedwa kuti Maximum 3.3 m, Average 116 u. Mtima unagunda, chifukwa ndinawerenga m uja ngati miliyoni. Ndinalowa mu switch mwachangu ndipo ndinapeza kuti ma error onse pa port imeneyo anali 40 ndi kanthu. Ndinapuma. Kenako ndinachita chinthu chimene chinandipweteketsa pambuyo pake: ndinangoganiza kuti graph imeneyi ili ndi tizolakwika take, manambala ake alibe tanthauzo, bola mzere uli pansi. Sindinafunse aliyense, ndipo sindinawerenge kuti m ndi u akuimira chiyani.

Ndikanadziwa izi nthawi imeneyo, miyezi itatu ya mavuto ikanapewedwa, choncho ndizifotokoze pompano. Ganizirani mita ya madzi imene ili panja pa nyumba yanu. Manambala ake sabwerera m'mbuyo, amangokwera. Wowerenga mita akabwera salemba bilu pa nambala yonse imene waipeza, amachotsapo ya mwezi watha. Counter ya mu switch imagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo RRDtool ukaiuza kuti COUNTER imachotsa nambala yakale pa yatsopano ngati wowerenga mita uja. Koma siimira pomwepo. Zotsalazo imazigawa ndi masekondi amene adutsa, ndipo chimene imasunga ndi liwiro la pa sekondi imodzi. Pa traffic zimenezi n'zoyenera, chifukwa ma byte amadutsa mamiliyoni pa sekondi. Koma error imodzi pa mphindi 5 ndi 1 kugawa ndi 300, yankho lake 0.0033. RRDtool imalemba nambala imeneyi ngati 3.3 m, ndipo m wamng'onoyo ndi milli, gawo limodzi mwa magawo 1,000. Miliyoni imalembedwa ndi M wamkulu. U uja ndi micro, gawo limodzi mwa magawo miliyoni. Ndiye 116 u pa sekondi, ukachulukitsa ndi masekondi 86,400 a tsiku lathunthu, ndi ma error 10 pa tsiku. Graph inkanena zoona. Kungoti inkayeza mpopi wodontha ndi muyeso woyezera mtsinje wa Likangala utadzaza.

Disembala anabwera ndi mvula yake ya kuno, ija imayamba ndi nkhungu kutsika phiri masana kenako kukhuthuka usiku wonse. Tsiku lina magetsi anaphethira, kuzima n'kuyakanso nthawi yomweyo. Seva ndi switch ya ku ofesi yaikulu zili pa UPS (batire yothandiza magetsi akazima), sizinamve kanthu. Switch ya ku zachuma inalibe UPS, ndiye inazima n'kudzukanso pasanathe mphindi ziwiri. M'mawa mwake graph ya ma error inali ndi mzere umodzi woongoka ngati mtengo wa bulugamu, kufika pa 14 M, ulendo uno M wamkulu. Kwina konse kunali pansi penipeni, ngakhale timinga tija sitinkaonekanso.

Chinachitika ndi ichi. Switch ikazima, ma counter ake amayambiranso pa 0. RRDtool inaona kuti nambala yatsopano ndi yochepa kuposa yakale. Mtundu wa COUNTER ukaona zotere umaganiza kuti counter yadzaza n'kuzungulira, monga mita ya galimoto yakale ikafika pa 99999 n'kubwerera pa 00000. Counter ya ma bit 32 imadzaza ikafika pa 4,294,967,295. Choncho RRDtool inawerenga kuti m'mphindi 5 zimenezo mwadutsa ma error opitirira mabiliyoni anayi, ndipo ukagawa ndi 300 umapeza pafupifupi 14.3 miliyoni pa sekondi. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali izi sizichitika kawirikawiri, chifukwa Cacti ikafunsa osayankhidwa imasiya mpata wopanda nambala. Kuphethira kwachidule, kogwera pakati pa kufunsa kuwiri, ndiye koopsa. Ndipo poti graph imadzikonzera yokha sikelo potengera nambala yaikulu kwambiri, chilichonse chochepera miliyoni chinasanduka ziro m'maso mwanga. Ndinayembekezera kuti mtengo uja uchoka pakapita masiku. Pa graph ya tsiku unachokadi, koma pa ya mwezi ndi ya chaka unatsala. Ngakhale utausakaniza ndi zigawo zonse 288 za mphindi zisanuzisanu za tsiku limodzi, umatsalabe pafupifupi 50,000 pa sekondi. Komanso magetsi ankaphethira pafupifupi sabata iliyonse, ndiye mitengo inkangomera ina.

Titatsegulira mu Januwale madandaulo anayamba. Mayi amene amayang'anira za chuma anandiimbira Lachiwiri lina.

"A IT, tabwerani mudzaone. Sisitimu ikumaima pakati pa ntchito, kenako n'kunena kuti yataya seva."

Ndinatsika ndi laputopu, ndinayesa ping (kuona ngati seva ikuyankha), zonse zinali bwino. Dzuwa linali likuwala tsiku limenelo, ngakhale sindinaganizire zimenezo. Ndinawatsegulira graph n'kuwaonetsa.

"Mayi, taonani, ma error ali pa ziro. Netiweki ilibe vuto. Mwina ndi pulogalamu yanuyi kapena kompyuta."

Anandiyang'ana, n'kunena mofatsa kuti, "Ife zimenezo sitizidziwa, achimwene. Chimene tikudziwa n'chakuti ntchito ikumaima."

Mawu amenewo amandibwererabe. Ndinagwiritsa ntchito chithunzi chimene ine mwini sindinkachimvetsa potseka pakamwa munthu amene ankanena zoona. Sabata ziwiri zinathera pa makompyuta awo. Imodzi ndinaiikanso Windows, tsiku lathunthu, mnyamata wa ma invoice akungokhala. Ndinasintha timakebulo ta pa desiki. Vuto linkachoka masiku awiri n'kubweranso, ndipo nthawi iliyonse likachoka ndinkakhulupirira kuti chimene ndasintha komaliza ndicho chinali chovuta.

Kumapeto kwa Januwale ndinaona kuti port ya ku zachuma nthawi zina ikumatsika kuchoka pa 1000 kufika pa 100 Mbps yokha. Chizindikiro chimenechi chimaloza kebulo, chifukwa liwiro la gigabit (1000 Mbps) limafuna mawaya onse 8 akhale abwino pomwe 100 Mbps imayenda ndi anayi okha. Koma poti m'mutu mwanga ndinali nditatsimikiza kale kuti kebulo ilibe ma error, ndinaloza switch. Ndinalemba pepala lopempha yatsopano. Abwana anafunsa ngati ndatsimikiza, ndinati eya. Ndalama zinatuluka patatha masiku 8, pafupifupi K280,000, kuphatikiza ulendo wanga wa minibasi kupita ku Blantyre ndi kubwerera. Ndinaimanga Loweruka. Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe dandaulo. Lachitatu usiku mvula inagwa, Lachinayi m'mawa foni inalira.

Apa ndi pamene ndinayamba kukayikira graph ija, koma ndinaikonza molakwika kawiri. Poyamba ndinaganiza kuti ndisinthe COUNTER ikhale GAUGE, kuti ndizingoona nambala yeniyeni imene ili mu switch. Ndinasintha pa template, ndinadikira, palibe chinasintha. Sindinkadziwa kuti mtundu wa data source umalembedwa m'kati mwa fayilo ya rrd pa nthawi imene fayiloyo ikupangidwa, ndipo kusintha template pakokha sikukhudza fayilo imene ilipo kale. Pali lamulo la rrdtool tune limene limasintha zimenezi popanda kutaya kanthu. Ine sindinalidziwe. Ndinafufuta mafayilo a ma error kuti Cacti ipange atsopano, osasunga ngakhale kope. Mbiri ya miyezi itatu inapita pomwepo. M'mafayilo amenewo munali umboni wonse wa mmene vuto linakulira kuchoka pa ma error 10 pa tsiku, ndipo mitengo ya pa graph ija, yobwera ndi kuphethira kwa magetsi, ikanatheka kuchotsedwamo. Musanakhudze fayilo ya rrd, ikopereni pena, kapena chitani rrdtool dump kuti mukhale nayo ngati XML. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

GAUGE nayo sinandithandize kwenikweni. Inandipatsa mzere wokwera pang'onopang'ono umene unkagwa pansi magetsi akaphethira n'kuyambanso kukwera, ngati mano a sowo. Counter ikafika pa 20,000, kuonjezerapo 50 sikuoneka ndi maso. Unkatha kuona kuti chinthu chikukwera, koma funso loti chikukwera liti ndipo mofulumira bwanji linalibe yankho lomveka. Pa pulinta ndiye zinali zoipiratu. Nambala ya mapepala imene pulinta yasindikiza chiigulireni inali m'ma 300,000, ndipo mapepala 400 a tsiku limodzi sankasuntha mzere ngakhale pang'ono. Abwana atafunsa kuti tikugwiritsa ntchito mapepala angati pa sabata, ndinalibe chowauza.

Lachisanu lomaliza la Febuluwale madzi anafika m'khosi. A zachuma ankakonza malipiro a mwezi ndipo sisitimu inawataya kasanu tsiku limodzi. Madzulo, ndili pansi pa khonde la sitolo ina pafupi ndi depoti kudikira kuti mvula ikate, ndinaimbira mkulu wina wa ku Blantyre amene anandiphunzitsa ntchito ndili pa attachment. Ndinali nditazengereza kwa milungu yambiri chifukwa cha manyazi. Ndinafotokoza zonse, ndinawatumizira ndi zithunzi za ma graph akale zimene zinatsala mu foni. Anakhala chete pang'ono.

"Mphwanga, m ameneyu ukumuwerenga bwanji?"

Ndinawauza zoona, kuti sindimudziwa.

"Chabwino. Graph isiye kaye. Uli ndi kope ndi cholembera? Mawa m'mawa ukawerenge counter imeneyo ndi lamulo la snmpget, ulembe nambala ndi nthawi. Madzulo uchitenso. Uzilembanso sysUpTime, kuti udziwe ngati switch inazima pakati. Pambali pake uzilemba ngati kunagwa mvula."

"Mvula, bwana?"

"Iwe uli ku Zomba, kebulo ili pansi pa nthaka, mwezi ndi wa Febuluwale. Lemba mvula."

Ndinabwezera data source pa COUNTER usiku womwewo monga anandiuzira, koma chimene chinanditsegula maso ndi kope lija. Mwamwayi, makompyuta a ku zachuma amatumiza backup ku seva usiku uliwonse, ngakhale kumapeto kwa sabata, ndiye katundu wodutsa pa kebulo anali wofanana usiku uliwonse. Loweruka kunacha bwino ndipo sikunagwe mvula tsiku lonse. Kuchokera Loweruka 6 koloko madzulo kufika Lamulungu 6 koloko m'mawa, counter inakwera ndi 210. Lamulungu masana, titangotuluka m'tchalitchi, mvula inayamba ndipo inagwa mpaka mbandakucha. Lolemba m'mawa ndinapeza kuti usiku umenewo counter yakwera ndi 6,100, switch isanazime n'kamodzi komwe. Ndinachita masamu pa kope pomwepo: 6,100 kugawa ndi masekondi 43,200 a maola 12 ndi 0.14. Pa graph yanga yakale usiku woipa chotere ukanalembedwa kuti 140 m, pansi pa mtengo wa 14 M. Ndinakhala pampando kwa kanthawi ndikuyang'ana manambala awiri aja, 210 ndi 6,100, olembedwa ndi dzanja langa. Ndinamva manyazi ndi mpumulo nthawi imodzi.

Ndinachedwa. Lolemba lomwelo cha m'ma 10 koloko kuwala kwa port kunazimiratu ndipo sikunayakenso. Mvula ikakuona litsiro sikata: linali tsiku lotumiza malipiro ku banki. Tinanyamula makompyuta atatu a ku zachuma, titawafunditsa mapepala apulasitiki, kukwera nawo ku ofesi yaikulu. Mayi aja anagwira ntchito pa tebulo langa, pakati pa makatoni ndi makebulo akale, mpaka usiku. Sanandinene ngakhale liwu limodzi, zimene zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Malipiro anachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo aliyense pamalopo, kuyambira alonda, anadziwa chifukwa chake.

Lachiwiri ine ndi bambo amene amasamalira panja tinatsata paipi ija ndi khasu. Chapakati, pamene madzi amadutsa, tinapeza kabokosi ka simenti kokwiririka ndi dothi ndi masamba. Titatsegula munali madzi odzaza, amatope. M'madzimo munali kebulo yathu, ndipo sinali imodzi yathunthu ayi. Zinali ziwiri zolumikizidwa ndi kajoini kapulasitiki, kokulungidwa ndi tepi yakuda imene inali itayamba kumasuka. Nditakatsegula, timapini ta mkuwa tinali tobiriwira, tina titadyekeratu. Kebulo yakenso inali ya m'nyumba, yosayenera kukwiriridwa. Bambo aja anaigwira n'kupukusa mutu, amvekere, "Achimwene, chimenechi chakhala chikumwa madzi chaka ndi chaka."

Kebulo yatsopano yoyenera panja, yopanda joini, pamodzi ndi paipi ndi anyamata awiri okumba, zinadya pafupifupi K230,000. Kudikira chilolezo, kuitanitsa ku Blantyre ndi kudikira tsiku lopanda mvula zinatenga masiku 9, ndipo masiku onsewo a zachuma anali opanikizana mu ofesi yaikulu. Switch ya K280,000 ija sinkafunika n'komwe. Yakale ili bwinobwino, ili pa shelefu. Ndinapita ndekha kwa abwana kukanena zimenezi asanazimve kwa wina. Mkulu wa ku Blantyre uja anandiuzanso kuti pakati pa nyumba ziwiri, makamaka kuno kochita ziphaliwali, fibre ndiye yoyenera chifukwa siinyamula magetsi. Ndalama zake sizinapezeke chaka chino, koma ndinazilemba mu bajeti.

Netiweki itabwerera ndinakhala Loweruka lathunthu ndikukonza ma graph, foni ili pa khutu nthawi zina. Choyamba chinali kuthana ndi mitengo ija. Pa ma counter oyenda pang'onopang'ono ndinasintha mtundu kukhala DERIVE, malire a pansi n'kuika 0. DERIVE imachotsa ndi kugawa ngati COUNTER, koma siganiza zoti counter yazungulira. Switch ikazima, yankho limatuluka lochepera ziro, ndipo poti malire a pansi ndi 0, RRDtool imalitaya n'kusiya kampata kakang'ono pa graph. Kuipa kwake n'kwakuti counter ikazunguliradi umataya chigawo chimodzi cha mphindi 5, koma counter ya ma error kapena ya mapepala kuti ifike pa mabiliyoni anayi si lero. Amene akufuna kukhalabe pa COUNTER aike malire a pamwamba anzeru, oti 14 miliyoni ikanidwe. Pa traffic nkhani ndi ina. Kumeneko counter ya ma bit 32 imazunguliradi, pa 100 Mbps yodzaza imatha m'mphindi zosakwana 6, ndiye mankhwala ake ndi ma counter a ma bit 64 monga ifHCInOctets, amene amafuna SNMP v2c kapena v3. Ulendo uno ndinagwiritsa ntchito rrdtool tune, nditakopera kaye mafayilo onse pa flash.

Chachiwiri chinali kubwezera manambala pa muyeso umene munthu angaumve. Mu Cacti muli CDEF, kamasamu kamene kamachitika pojambula popanda kusintha zimene zasungidwa. Ndinapanga imodzi yochulukitsa ndi 300, kuti graph izinena ma error pa mphindi 5, ndipo ndinalemba mawu amenewo m'mbali mwa graph kuti wobwera pambuyo panga asadzavutike. Ndinayesanso kuchulukitsa ndi 3,600 kuti ikhale pa ola, koma apa pali msampha. Error imodzi yokha imaoneka ngati 12 pa graph ya tsiku, chifukwa graph ikunena liwiro: zikanapitirira chomwecho kwa ola lathunthu akanakwana 12. Si bodza, koma zimadzidzimutsa munthu wosadziwa. Ndinasankha 300 pa graph ya tsiku, ndipo 3,600 ndinaisiyira ya sabata ndi ya mwezi. Kenako ndinaika units exponent pa 0 kuti m ndi u asabwerenso, ndi kusintha kalembedwe ka manambala a m'munsi kuti azituluka athunthu. M'munsi momwemo ndinaonjezera chiwerengero chonse cha nthawi imene graph ikuonetsa. RRDtool ili ndi TOTAL imene imachita zimenezi, kuchulukitsa liwiro ndi nthawi, ndipo iyenera kuwerengera pa nambala yoyambirira ya pa sekondi, osati imene yachulukitsidwa kale ndi 300. Nambala imeneyo ndi imene ndimayamba kuyang'ana m'mawa uliwonse.

Pali kanthu kena kamene kanandisokoneza tsiku limenelo. Nditakonza zonse ndinkaona 0.7 pa chigawo china ndi 0.3 pa chotsatira, ndipo ndinkadabwa kuti error ingagawike bwanji. Chifukwa chake n'chakuti RRDtool imasunga pa nthawi zoikika, 10:00, 10:05, 10:10, pomwe kufunsa kwenikweni kumachitika mochedwerapo. Ndiye imagawa chimene yapeza pakati pa zigawo ziwiri molingana ndi nthawi. Ukaphatikiza 0.7 ndi 0.3 error yako imodzi ilipo. Musataye nthawi kulimbana nazo. Chofunika kusamala ndi china: mbiri ikamakalamba, RRDtool imaiphatikiza, mphindi 5 kukhala 30, kenako maola awiri, kenako tsiku. Ngati mukujambula AVERAGE (nambala ya pakatikati) yokha, ola limodzi loipa limasungunuka m'tsiku labwino. Ndinaonjezera mzere wa MAX (nambala yaikulu kwambiri) pamwamba pa AVERAGE kuti usiku wa mvula uzionekabe ngakhale patapita miyezi.

Pulinta ndinaichulukitsa ndi 86,400 n'kumaiyang'ana pa zigawo za tsiku lathunthu, kuti mzati uliwonse ukhale mapepala a tsiku limodzi. Dziwani kuti tsiku la RRDtool limayamba pakati pa usiku pa nthawi ya UTC, imene kuno kwathu ndi 2 koloko usiku. Kwa ife zilibe vuto poti palibe amasindikiza nthawi imeneyo, koma kumalo ogwira ntchito usiku manambala a tsiku sangafanane ndendende ndi a m'kaundula. Sabata yotsatira ndinatha kuwauza abwana kuti Lachinayi ndi Lachisanu ndi masiku amene mapepala amapita kwambiri, ndipo anasintha kagawidwe kake.

Anzanga ena amagwiritsa ntchito mapulogalamu ena, ndipo nkhaniyi imawakhudzanso. MRTG, imene inalembedwa ndi Tobias Oetiker yemwe analembanso RRDtool, ikamasunga m'mafayilo akeake imasunga manambala athunthu okha, ndiye 0.0033 imangokhala 0 weniweni. N'chifukwa chake ili ndi perminute ndi perhour. Mu Zabbix muli kusankha pakati pa Change per second ndi Simple change, ndipo pa counter yoyenda pang'onopang'ono yachiwiriyi ndi imene imapereka nambala yomveka. Kulikonse, musanakhulupirire graph yatsopano, werengani counter ndi dzanja kawiri, chotsani, ndipo muone ngati graph ikugwirizana ndi kope lanu.

Ndinaikanso kaUPS kakang'ono ku zachuma, ndinaika graph ya sysUpTime pansi pa ya ma error kuti kuzima kulikonse kuzioneka, ndipo ndi plugin ya Thold ndinakonza kuti ndizilandira imelo ma error akapitirira 20 pa mphindi 5 pa port iliyonse yolumikiza nyumba.

Chakumapeto kwa Malichi, mvula ikupita kokatha, ndinatsegula graph ya laibulale, imene kale inkagona pansi ngati inzake ija. Inalemba kuti ma error 14 pa sabata, ndipo 11 mwa iwo anagwera usiku umodzi wa mvula. Palibe wa ku laibulale amene anali atadandaula. Ndinatsika kukapeza bambo osamalira panja, tinatenga khasu, ndipo kuseri kwa laibulale, pansi pa mtengo wa mapeyala, tinapeza kabokosi kena ka simenti. Madzi anali asanafike pa joini, anatsala pang'ono ngati chikhatho chimodzi. Tinaikweza, tinaimangirira pamwamba m'kabokosi kotseka bwino, ndipo pepala lopempha kebulo yatsopano ndinalipereka tsiku lomwelo, nditamatapo graph yosindikizidwa ndi tsamba la m'kope langa. Podutsa ku zachuma ndinawaonetsa mayi aja pepalalo. Analiwerenga mpaka pansi, n'kufunsa kuti 14 ameneyu ndi wa sabata kapena wa tsiku. Ndinati wa sabata, ndipo anasaina.